Kuyambitsa Situdiyo Yojambulira Nyimbo Pakhomo: Kabuku ka Mabanja a kwa Mponda

Kwa Mponda, ku Mangochi kuno, oimba alipo ambiri. Kuli makwaya a m'matchalitchi, magulu a kaswida, anyamata a beni ndi sikiri, amayi a likwata, komanso achinyamata amene amalemba nyimbo zawo m'kope n'kumaziyeserera pa biti ya m'foni. Koma akafuna kujambula, ambiri amayamba aganiza za thiransipoti ya ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 190, kuwonjezapo chakudya ndi pogona. Ndalama imathera m'njira nyimbo isanajambulidwe n'komwe.

Kabuku kano talembera banja limene lili ndi mwana kapena m'bale wokonda zoimba, ndipo likufuna kumuthandiza kuti azijambula pakhomo pomwepo. Makolo muwerenge nawo, poti chipinda n'chanu, magetsi ndi anu, ndipo nthawi zambiri ndalama yoyambira imachokeranso kwa inu. Mfundo yathu ndi yakuti ndalama yoyamba isathamangire ku zida zodula. Nyimbo imamveka bwino chifukwa cha chipinda chabata, magetsi osavuta ndi khutu lozolowera ntchito. Zida zimabwera pambuyo.

Umboni wake suli kutali. M'zaka za m'ma 1990, situdiyo ya Imbirani Yahwe ya a Paul Banda ku Balaka inajambula oimba ambiri, mpaka dziko lonse linadziwa kuti kuli kaimbidwe ka ku Balaka, tauni yaing'ono yoyandikana nafe. Mu 2013, Ian Brennan anajambula akaidi a kundende ya Zomba ndi zida zonyamula m'manja, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Kundende kunalibe chipinda chagalasi chimene timachiona m'mavidiyo. Kunali mawu abwino ndi munthu wodziwa poika maikolofoni.

Sankhani chipinda musanagule kanthu

Tengani masiku angapo mukungomvetsera. Lowani m'chipinda chimene mukuchiganizira, tsekani chitseko, mukhale chete mphindi zisanu. Mumva zinthu zimene khutu linasiya kuzilabadira kalekale: njinga zamoto za kabaza, chigayo, tambala, ana kumjigo, sipika ya pagolosale, injini ya boti ngati muli kufupi ndi Shire kapena kunyanja. Zonsezi maikolofoni amazitola. Chitani zimenezi m'mawa, masana ndi madzulo, mulembe nthawi imene kumakhala bata. M'makomo ambiri nthawi yabwino ndi m'mamawa swala ya m'bandakucha ikatha, ndi chakum'mawa ana atapita kusukulu. Ngati muli pafupi ndi mzikiti, dziwani nthawi za azana, muzipumula pamenepo. Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa musaike ntchito yojambula.

Chipinda chabwino ndi cha kumbuyo kwa nyumba, chotalikirana ndi msewu ndi khitchini. Khoma la njerwa zootcha kapena zidina lochindikala limatchinga phokoso kuposa la matabwa kapena malata. Vuto lalikulu kwathu kuno ndi denga. Malata opanda siling'i amalira mvula ikangoyamba kudontha, ndipo dzuwa likatentha amathetheka okha. Ngati pali ndalama yokonzera chinthu chimodzi chokha m'chipindamo, ikani siling'i. Nyumba yofolera udzu, imene ena amainyoza, imajambulitsa bwino kwambiri, chifukwa udzu umameza mawu ndipo m'kati mumazizira. Chofunika ndi kusamala mawaya a magetsi ndi kuonetsetsa kuti sikudontha.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. China ndi kutchinga phokoso lochokera kunja. China ndi kuletsa mawu kubwererabwerera m'chipinda momwemo. Choyambacho chimafuna zinthu zolemera ndi kutseka mipata: chitseko chathabwa chochindikala, labala wa chubu cha galimoto wokhomera m'mphepete mwa chitseko, nsalu yopindapinda pansi pake, ndi zenera lotsekeka bwino. Chachiwiricho chimafuna zinthu zofewa. Imani pakati pa chipinda, muwombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kulira kotsalira kukuyenda pakati pa makoma, chipindacho chikufuna kuvekedwa. Imikani matiresi kukhoma limene lili kumbuyo kwa woimba. Pachikani mabulangeti olemera m'makoma a m'mbali, osawamata kukhoma koma kusiya mpata wa masentimita 5 mpaka 10. Pansi pa simenti yalani mphasa ziwiri kapena kapeti. M'makona, m'mene mawu a besi amaunjikana, ikanimo matumba a zovala zakale. Mukatero wombaninso m'manja, mumva kusiyana kwake nthawi yomweyo.

Mathireyi a mazira asiyeni. Aliyense amawakhoma chifukwa anawaona kwa mnzake, koma ndi opepuka kwambiri moti satchinga phokoso, mawu amene amameza ndi ochepa, amasunga mphemvu ndipo sachedwa kugwira moto. Kugula maikolofoni wodula n'kumuika m'chipinda chosakonzedwa kuli ngati kumangirira injini yatsopano pa bwato lobooka.

Za kutentha musazipeputse. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo chipinda chotseka chokhala ndi mabulangeti m'makoma chimatentha koposa. Fani imalowa m'nyimbo, choncho muziizimitsa pojambula n'kuiyatsa popuma. Jambulani mphindi 15 kapena 20, tsegulani chitseko, woimba amwe madzi. Laputopu nayo ikatenthedwa imaliza kafani kake mokweza n'kuyamba kujejema. Ikhazikeni pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, osati pa bedi kapena pa nsalu.

Magetsi

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire womwewu, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndiye mtsinje ukavuta dziko lonse limavutika. Tinaziona mu Januwale 2022, mphepo yamkuntho ya Ana itawononga damu la Kapichira: dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kwa magetsi kunatenga nthawi yoposa chaka. Situdiyo yodalira ESCOM yokha imakhumudwitsa makasitomala. N'chifukwa chake laputopu ikuposa kompyuta yapatebulo. Magetsi akathima m'kati mwa nyimbo, laputopu imapitiriza ndi batire lake, pamene inayo imazimira limodzi ndi zonse zimene simunasunge.

Chimene chimapha zida kawirikawiri ndi kubwera kwa magetsi mwamphamvu pambuyo pothima, komanso mphenzi m'nyengo ya dzinja. Gulani chotetezera zida ku magetsi obwera mwamphamvu, chija ambiri amaika pa firiji, ndipo mukamaliza ntchito muzizula mapulagi onse kukhoma. Kukayamba kugunda, zulani osadikira.

Amene ali ndi sola, masamu ake ndi awa. Laputopu imadya mawati pafupifupi 60, timasipika tating'ono tiwiri mawati 40 kapena kucheperapo, kuphatikiza 100. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1,200Wh, koma batire lamadzi kapena la gel siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Ndiye muli ndi 600Wh, zimene zingakuyendetseni maola pafupifupi asanu. Panelo ya mawati 200 ikhoza kubwezeretsa mphamvu imeneyi tsiku limodzi ladzuwa. Pogula invata funsani ya pure sine wave. Zotchipa zija za modified sine wave zimalowetsa kulira kwa "zzzz" m'nyimbo, ndipo kuchotsa kwake n'kovuta. Mukamva kulira kotere ngakhale pa magetsi a ESCOM, zulani tchaja ya laputopu mujambule ndi batire. Kukasiya, vuto lili pa tchaja kapena pa waya wa ethi wa nyumba, ndipo apo pafunika katswiri wa zamagetsi. Jenereta ikhale njira yomaliza, ndipo ikhale panja, kutali ndi zenera, chifukwa utsi wake umapha munthu m'chipinda chotseka.

Zida zoyambira

Ngati ndalama palibiretu, yambani ndi foni. Pulogalamu ya BandLab ndi yaulere, imalola kuika biti, kuimbapo ndi kusanjikiza mawu angapo. Mwana amene wakhala miyezi itatu akujambula ndi foni m'chipinda chovekedwa bwino, osatopa, ameneyo ndi woyenera kumugulira zida. Makolo, muyeso wake ndi umenewu.

Pogula, zofunika ndi laputopu, kabokosi kotchedwa audio interface kamene anyamata ambiri amangoti saundikhadi, maikolofoni mmodzi ndi chingwe chake cha XLR, choimikira maikolofoni, ndi mahedifoni. Laputopu yakaunjika imakwanira bola ikhale ndi RAM ya 8GB, SSD, ndi batire losunga moto. Musanalipire, izuleni kumagetsi muone ngati ikhala ola lathunthu.

Saundikhadi imatenga mawu a maikolofoni n'kuwasandutsa manambala amene kompyuta imamva. Behringer UMC22 ndi Focusrite Scarlett Solo zili ndi polowetsa maikolofoni mmodzi ndi gitala mmodzi. Ngati mukuganiza zojambula makwaya, limbikirani kuti mupeze yolowa maikolofoni awiri, monga Scarlett 2i2 kapena Behringer UMC202HD. Zonsezi zimatenga mphamvu pa USB ya laputopu, sizifuna soketi yakeyake.

Pa maikolofoni m'pamene ambiri amalakwitsa. Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Wa condenser, monga Audio-Technica AT2020, ndi uja wooneka mochititsa kaso m'zithunzi za masitudiyo. Amatola mawu mwatsatanetsatane, koma amatolanso mbuzi ya kwa aneba, amafuna magetsi a mavoti 48 ochokera pa saundikhadi, ndipo chinyezi cha m'mbali mwa nyanja chikamulowa amayamba kuthetheka. Wa dynamic, monga Shure SM58, amamva kwambiri chimene chili pafupi naye, amapirira kugwa, fumbi ndi chinyezi, ndipo mukhoza kupita naye kuukwati kukapezerapo ndalama. Kwa munthu woyamba, wokhala pakati pa mudzi, ife tikuti gulani wa dynamic. Chenjerani ndi achinyengo, chifukwa ma SM58 abodza ndi ochuluka pamsika. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani, ndipo musagule osamuyesa.

Mahedifoni akhale otseka makutu onse, kuti biti isatulukire n'kulowanso mu maikolofoni. Masipika a situdiyo angadikire chaka chamawa. Chotchingira mpweya wa pakamwa, chimene chimaletsa "p" ndi "b" kuphulika mu maikolofoni, mukhoza kupanga nokha: pindani waya wa hang'ala kukhala mkombero, muvekepo sokosi yopyapyala ya amayi, mumangirire kutsogolo kwa maikolofoni.

Mabanja ambiri kuno ali ndi m'bale ku Joni, ndipo zida zimenezi zimapezeka mosavuta ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Mutumizireni dzina lenileni la chida ndi nambala yake, pamodzi ndi chithunzi, kuti asakugulireni sipika ya disiko mmalo mwa saundikhadi. Asunge lisiti poti pachipata a MRA akhoza kulifuna. Mphamvu ya magetsi a kumeneko ndi yofanana ndi yathu, koma pulagi yawo ndi ya mano atatu ozungulira, pamene yathu ndi ya mano atatu amakona, choncho pafunika adaputa. Chida chochokera ku America muyambe mwawerenga pa tchaja pake. Chikalembedwa 110V kapena 120V yokha, chidzapsa mukangochilumikiza. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja sikhazikika, ndiye funsani mtengo sabata yomwe mukugulayo, m'malo awiri kapena atatu.

Pulogalamu yojambulira

Oimba achinyamata ambiri amadziwa FL Studio, ndipo ndi yabwino popanga mabiti. Yoyeserera yake imalola kusunga ntchito koma siilola kuitsegulanso mpaka mutagula. Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira kujambula kwaya, ndakatulo, ulaliki kapena uthenga wamalonda. LMMS ndi yaulere yopangira mabiti. Reaper imachita zonse, siilemetsa laputopu yakale, mumaiyesa masiku 60 ndipo laisensi yake ya munthu wamba ndi madola 60. Mapulogalamu obedwa amene amayenda m'mafulashi amabwera ndi mavairasi, ndipo tsiku lina amatseka ntchito ya kasitomala muli pakati. Sankhani pulogalamu imodzi, muiphunzire mpaka manja azolowere.

Tsiku lojambula

Woimba abwere ataloweza nyimbo. Situdiyo si malo ophunzirira mawu. Lumikizani chingwe voliyumu ili pansi, ndipo ngati maikolofoni ndi wa condenser, batani la 48V muliyatse mutalumikiza kale. Mu pulogalamu ikani 44.1 kHz ndi 24-bit. Pa Windows gwiritsani ntchito ASIO ya saundikhadi yanu, buffer ikhale 128 kapena 256 pojambula kuti woimba asamadzimve mochedwa, ndipo muikweze kufika 1024 posakaniza.

Woimba aime chafufumimba masentimita 15 kuchokera pa maikolofoni wa condenser, kapena masentimita 5 mpaka 10 ngati ndi wa dynamic, msana ataulozetsa kumatiresi kuja. Muuzeni aimbe gawo limene amakweza mawu kwambiri, inu mukupotokola batani la gain mpaka mzere woonetsa mphamvu ya mawu uzifika pakati pa -12 ndi -6. Ukafika pofiira, mawu asweka, ndipo palibe pulogalamu imene ingawabwezeretse. Mawu otsika mukhoza kuwakweza pambuyo pake. Mafoni onse azimitsidwe kapena akhale panja, chifukwa foni ikamasaka netiweki imalowetsa kulira m'zingwe. Jambulani nyimbo yonse katatu, kenaka musankhe magawo abwino. Woimba akaphonya, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tibwerezeko pakolasi paja," osati kumuseka pamaso pa anzake. Munthu wochita manyazi mawu ake amauma.

Kwaya kapena gulu la kaswida silingakwane m'kachipinda, ndipo musalikakamize. Nyamulani laputopu mupite kutchalitchi kapena kumadrasa tsiku lopanda mapemphero. Oimba aime mozungulira ngati theka la bwalo, maikolofoni akhale mamita awiri kutsogolo kwawo, m'mwamba pang'ono kuposa mitu. Wotsogolera nyimbo asendere pafupi, ng'oma zipite kumbuyo kwenikweni chifukwa zimameza mawu a anthu. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere, musunthe anthu, mujambulenso. Kusuntha munthu phazi limodzi kumakonza zimene mukanalimbana nazo usiku wonse pakompyuta. Mukajambulira panja m'miyezi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, vekani maikolofoni siponji ndipo mubisale kuseri kwa khoma.

Posakaniza, dzanja likhale lopepuka. Pa mawu a munthu dulani zonse za pansi pa 80 Hz, m'mene mumakhala kugunda kwa mapazi ndi mkokomo wa magalimoto. Reverb ikhale yochepa, ndipo Auto-Tune isafike pobisa mawu enieni a woimba. Nyimbo zambiri zoyamba zimawonongeka chifukwa biti yakwera kuposa mawu, pamene Amalawife timafuna kumva uthenga. Mukamaliza, imvereni pa foni, pa kawailesi kakang'ono ndi pa sipika ya Bluetooth, poti anthu adzaimvera pamenepo. Mahedifoni musamawakweze. Makutu akayamba kulira mukavula, mwapyola muyezo, ndipo khutu likawonongeka silichira.

Sungani nyimbo yomaliza mu WAV, imene imadya pafupifupi 10MB pa mphindi ikakhala ya 16-bit, ndi ina mu MP3 ya 320 kbps yotumizira anthu. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti ifike momwe ilili. Ntchito iliyonse ikhale malo awiri, mu laputopu ndi mu hard drive yapadera. Fulashi imene yadutsa kumalo obenera nyimbo isalowe mu laputopu ya situdiyo musanaipime mavairasi. Mukaweruka, maikolofoni alowe m'kabokosi kotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timapezeka m'makatoni a nsapato, zingwe zikulungidwe mosapinda ndi kupachikidwa pomwe makoswe safika, zina zonse zifundidwe chitenje.

Ndalama, umwini ndi ulemu wa pakhomo

Mikangano yambiri ya m'masitudiyo imayamba chifukwa chogwirizana pakamwa. Gulani kope. Kasitomala aliyense alembedwe dzina, nyimbo zingati, mtengo, ndalama imene wapereka poyamba, tsiku lotenga, ndi kuti akhoza kubweza nyimbo kangati kuti ikonzedwe. Lembaninso mwini mawu, mwini biti, ndi ngati bitiyo yagulitsidwa kwa iye yekha. Onse awiri asaine. Theka la ndalama lilipiridwe ntchito isanayambe, ndipo zikadzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba uthenga wake usafufutidwe.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza wopeka nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama kumawailesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo n'kugawira eni ake. Woimba ndi wopanga biti alembetse nyimbo zawo kumeneko. Biti yotengedwa pa YouTube ili ndi mwini wake, ndipo nyimbo yanu ikatchuka akhoza kuitsitsitsa pa intaneti. Nyimbo ikapsa, yambani ndi mawailesi apafupi, monga Dzimwe ku Monkey Bay, kapena Radio Maria ku Mangochi konkuno ngati ndi yauzimu. Situdiyo ikayamba kulandira makasitomala, kafunseni kukhonsolo za chiphaso cha bizinesi.

Makolo, ikani malamulo tsiku loyamba. Ola lotsekera lidziwike, aneba ndi amfumu auzidwe. Mowa ndi chamba zisalowe. Mwana wasukulu azijambula Loweruka ndi pa holide. Mtsikana akabwera kudzajambula abwere ndi mnzake kapena m'bale wake, masana, ndipo mwana wosakwana zaka 18 asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo ake. Mbiri ya situdiyo ikaipa pa nkhani imeneyi, banja lonse limanyozeka nayo.

Chomaliza chikukhudza nyimbo za makolo athu. Mwana akadziwa kujambula, asathere pa kutsanzira za ku Nigeria ndi ku South Africa zokha. Kwa Mponda kuno kuli agogo odziwa nyimbo za pamtondo, za asodzi pokoka khoka, za beni ndi za manganje, m'Chiyao ndi m'Chinyanja, ndipo zambiri sizinajambulidwepo bwino. Pitani kwa iwo mwaulemu, mufotokoze kumene nyimbozo zidzapite, mulembe mayina a oimba, mudzi ndi tsiku, ndipo muwasiyire kope lawo pa memori khadi. Koma nyimbo za kundagala ndi za kunsondo zili ndi eni ake, angaliba ndi anankungwi, ndipo zina siziimbidwa pagulu. Musazijambule mobisa, musaziponye pa Facebook. Yambani mwapempha kwa iwo ndi kwa amfumu, ndipo akakana, lemekezani mawu awo.